Pulasitiki, pepala kapena mtengo: tipange ndi chiyani tindege tankhondo kuno ku Tete?

Mwana wa ku Angónia kapena ku Macanga safuna mphunzitsi kuti apinde waya n'kutulutsa galimoto, ndipo alipo ena amene amasema ndege ya chiwale yokhala ndi pulopela woti azizungulira akamathamanga nayo. Ndege imeneyo imachokera m'mutu mwa mwiniwake, palibe angaitsutse. Ntchito imene tikambirane pano ndi ina. Timatenga ndege yeniyeni, ya mtundu wodziwika, imene inauluka chaka chodziwika ili ndi nambala yake pathupi, n'kuichepetsa ndi muyeso umodzi kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Ikatha, mkulu amene anaionapo ikudutsa pamwamba pa mudzi wake ayenera kuizindikira asanauzidwe dzina.

Kumayiko ena munthu amangolowa m'sitolo n'kutuluka ndi bokosi la tizidutswa ta pulasitiki, guluu ndi penti. Kuno kwathu zinthu zotere sizipezeka wamba, ndipo ambiri amagwa mphwayi pomwepo poganiza kuti popanda bokosi palibe chochita. Njira zilipo zingapo, ndipo imene anthu amaiderera ndi imene ikutiyenera kwambiri. Koma zonsezo zimayambira pa masamu amodzi.

Muyeso

Mukaona 1:72, ndiye kuti chilichonse pa ndegeyo chagawidwa ka 72. Muyeso umenewu unatchuka ku Britain m'zaka za m'ma 1930, pamene kampani za Skybirds ndi Frog zinayamba kugulitsa tindege. Kwa iwo unali wosavuta chifukwa inchi imodzi inkaimira mafiti 6. Kwa ife owerengera mamita, mita imodzi ya ndege imasanduka pafupifupi mamilimita 14. Fiat G.91, imene kutalika kwake ndi mamita 10.3 ndipo mapiko ake amatambasuka mamita 8.56, imatuluka masentimita 14.3 m'litali ndi 11.9 m'mapiko. Yomweyo pa 1:48 imafika masentimita 21.5 m'litali. Pa ndege zikuluzikulu zonyamula katundu nkhani imasintha: Noratlas ili ndi mapiko a mamita 32.5, choncho pa 1:72 imafuna malo a masentimita 45. Amene alibe shelefu yaikulu amaitsitsira pa 1:144.

Langizo langa n'lakuti musankhe muyeso umodzi ndipo mukakamire pomwepo. Kukoma kwa ntchitoyi kumaoneka mukaika tindege tiwiri pamodzi, n'kuona ndi maso kuti MiG-21 ndi yaitali koma mapiko ake ndi aafupi, mamita 7.15 okha, pamene T-6 ya pulopela, yooneka yaing'ono pachithunzi, imatambasuka mamita 12.8. Mukasakaniza miyeso, phunziro limeneli latayika.

Ndege ziti?

Musanafunse chopangira, sankhani ndege. Oyamba ambiri amathamangira Spitfire kapena F-16 chifukwa ndi zimene zadzaza pa intaneti. Palibe cholakwika, koma thambo la Tete lili ndi mbiri yakeyake, ndipo ndi yochuluka. Bwalo la Chingodzi, pamene lero pamatera ndege za anthu apaulendo, linali malo a asilikali apandege a Apwitikizi, otchedwa AB7. Frelimo itatsegula nkhondo m'chigawo chino mu 1968, ndipo ntchito yomanga damu la Cahora Bassa itayamba mu 1969, ndege zinachuluka pamenepo: ma Fiat G.91 a gulu la Esquadra 702, lodzitcha Escorpiões, ma T-6, tindege ta Dornier Do 27 totera pamabwalo aafupi a m'tchire, mahelikopita a Alouette III ndi ma Noratlas a michira iwiri. Mu Novembala 1977 ndege za Rhodesia (lero Zimbabwe), ma Hunter, ma Canberra ndi ma Dakota, zinaphwanya msasa wa ZANLA, asilikali omenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Tembue, momwe muno m'chigawo chathu. Mozambique italandira ufulu mu 1975 kunabwera za ku Soviet Union: MiG-17, MiG-21bis, Mi-8 ndi An-26. Ma MiG-21 okwana 8 anakakonzedwanso ku Romania, kukampani ya Aerostar, m'zaka za 2013 ndi 2014.

Sindikutchula ndegezi ngati zinthu zonyadira. Pa 16 Disembala 1972 ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndege zinayamba n'kuponya mabomba, asilikali anatsika m'mahelikopita, ndipo anthu wamba mazanamazana anaphedwa. M'mabanja ambiri kuno muli agogo amene anathawira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, ndipo phokoso la ndege saliiwala. N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti tikapanga ndege zimenezi zikhale zolondola, zisakhale zidole zopaka penti yowala kuti zikongoletse pabalaza. Kandege kolondola ndi umboni: kamaonetsa mwana wa sukulu chinthu chimene m'buku la mbiri chimangotchulidwa dzina. Ndipo musanakaike m'manja mwa munthu wachikulire, yambani mwafunsa kaye, "Agogo, kodi mungakonde kuona?" Ena amafuna, ndipo amakuuzani zimene chithunzi sichingakuuzeni. Ena safuna, ndipo ndi ufulu wawo.

Chenjezo limodzi ndilinene msanga: musapite ndi foni kukajambula pabwalo la ndege kapena pamalo a asilikali. Mukhoza kudziputira mlandu waukulu. Zithunzi zakale ndi zojambula za miyeso zilipo zokwanira pa intaneti.

Bokosi la pulasitiki

Iyi ndi njira imene dziko lonse limaidziwa. M'bokosi mumakhala mafelemu a pulasitiki okhala ndi tizidutswa, galasi la woyendetsa ndege loonekera mkati, masitika onyika m'madzi ndi pepala la malangizo. Ndege zathu zambiri zilipo pa 1:72. Heller ya ku France ili ndi Alouette III ndi Noratlas, Zvezda ya ku Russia ili ndi MiG-21bis, Airfix ya ku Britain ili ndi MiG-17F, ndipo G.91 yatulutsidwapo ndi Revell ndi Meng, komanso Italeri pa 1:48.

Ubwino wake ngosakayikitsa. Maonekedwe ovuta, monga pakamwa pokokera mpweya pansi pa mphuno ya G.91, anakupangirani kale. Matayala, mpando, mfuti, zonse zilimo. Kadutswa mumakadula pafelemu ndi chowengera zikhadabo, n'kukapala pang'ono, n'kukayesa kaye pamalo pake musanapake guluu. Guluu wake si womata wamba. Amasungunula pulasitiki kuti mbali ziwiri zisanduke chinthu chimodzi. Mukagwirizanitsa magawo awiri a thupi la ndege n'kufinya, pamsoko pamatuluka kamzera ka pulasitiki wosungunuka. Musakakhudze. Kasiyeni kagone, m'mawa mukapale ndi nsonga ya lezala, ndipo msokowo sudzaonekanso. Musanatseke thupilo, ikani timanati tiwiri kapena kamtovu ka mbedza m'mphuno, apo ayi ndege ya tayala lakutsogolo idzakhalira mchira. Galasi mulimate ndi guluu woyera wa akalipentala, chifukwa supagulu amalichititsa khungu loyera limene silichoka.

Mavuto ake ndi atatu, ndipo loyamba ndi kapezedwe. Bokosi limachokera kutali, kawirikawiri ku South Africa kapena kudzera pa intaneti, ndiye mumadalira mbale amene amayenda ulendo wa ku Johannesburg, kapena mumalipira mtengo wotumizira ndi msonkho umene nthawi zina umaposa wa bokosilo. Guluu ndi penti zina zimayaka moto, choncho otumiza katundu pandege ambiri amazikana. Mukhoza kulandira ndege koma chomatira mulibe. Amene amadutsa pa Zóbuè kupita ku Blantyre kapena pa Calómuè kupita ku Lilongwe angayese kufunsa m'masitolo a zoseweretsa ndi a zolembera, koma asayembekezere kupeza ndege yeniyeni imene akuifuna.

Lachiwiri ndi kutentha. Mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kumapitirira madigiri 40. Bokosi losiyidwa m'galimoto yotseka kapena pansi penipeni pa malata limatuluka mapiko atapindika, ndipo masitika akale amaphwanyikaphwanyika akangogwera m'madzi.

Lachitatu ndi limene anthu saliganizira: bokosi likhoza kukunamizani. Chivundikiro chikalembedwa G.91 sindiye kuti ndi G.91 imene inali pa Chingodzi. Apwitikizi analandira ndege 40 za mtundu wa R/4 kuchokera ku West Germany mu 1966, manambala ake kuyambira 5401 mpaka 5440, ndipo R/4 inali ndi mfuti zinayi za mamilimita 12.7, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo. Mtundu wa R/3, umene mabokosi ena ali nawo, unali ndi mizinga iwiri yokha ya mamilimita 30, ndipo Portugal inaulandira nkhondo ya kuno itatha kale. Mukagula R/3, muyenera kutseka mabowo n'kuboola ena. Chimodzimodzi MiG-21: mtundu wa bis uli ndi linunda lalikulu lofika kutali kumchira kuposa la mtundu wa MF. Ndiponso m'mabokosi ambiri simukhala zizindikiro za Mozambique. Choncho ngakhale mutalipira ndalama zambiri, ntchito ya rula ndi zithunzi simunaithawe.

Pepala

Anthu akamva za ndege ya pepala amaganiza ija yopinda m'kalasi. Koma ku Poland, kumene magazini ya Mały Modelarz yakhala ikusindikiza tindege ta katoni kuyambira 1957, iyi ndi ntchito ya akuluakulu, ndipo muyeso wawo wokondedwa ndi 1:33. Thupi la ndege limagawidwa m'timphete, kamphete kalikonse kamadulidwa, kukulungidwa n'kumatidwa pa nthiti za katoni yolimba, ndipo penti ndi zizindikiro zimakhala zosindikizidwa kale. Mafayilo ake, aulere ndi ogula, amapezeka pa intaneti, ndipo amafika pafoni yanu ku Ulongwe kapena ku Furancungo osadutsa pa kasitomu. Chotsala n'kupita nawo kumene amasindikiza mapepala.

Pamenepo mpofunika kuimirira pambali pa wosindikizayo. Makina akangosiyidwa, amachepetsa kapena kukulitsa chojambula kuti chikwane papepala, ndipo muyeso wanu wathera pomwepo. Nenani kuti mukufuna 100 peresenti, kenaka muyeze phiko ndi rula musanalipire mapepala onse. Ngati mukufuna kutsitsa ndege ya 1:33 kuti ifanane ndi zinzake za 1:48, sindikizani pa 69 peresenti. Ya 1:72 ndi 46 peresenti, koma pamenepo tizidutswa timachepa kwambiri moti oyamba kumene ndingawaletse. Pepala likhale lokhuthala, la magalamu 160 mpaka 200. Inki ya makina opopera imathamanga ikakhudzidwa ndi guluu wambiri kapena thukuta, pamene ya makina a laser imasweka popinda, ndiye popinda paliponse yambani mwalembapo mzera ndi bolopeni yakutha inki. M'mphepete modulidwa mumaoneka moyera. Mudetse ndi pensulo ya mtundu womwewo musanamate. Kanthu kakang'ono kameneka ndi kamene kamasiyanitsa ntchito yosamala ndi yothamangira.

Pepala limapindika mbali imodzi yokha. Limakonda ndege zooneka ngati paipi ndi nsonga, monga MiG-21, kapena za mbali zafulati monga Do 27. Pamene thupi likukhota mbali ziwiri nthawi imodzi, monga mphuno ya Noratlas, misoko imaoneka ndithu ngakhale mutasamala bwanji. Mdani wake wamkulu ndi chinyezi. Kumapiri kwa Angónia ndi Tsangano, kuyambira Disembala mpaka Malichi, phiko limene linali lowongoka limayamba kuwerama, ndipo nkhungu imamera. Mphemvu nazo zimadya; musamate ndi phala la ufa wa chinangwa, gwiritsani guluu woyera, wochepa, wopaka ndi kamtengo ka machesi. Ikatha, ipopereni vanishi wopyapyala ndipo muisunge motsekedwa.

Pa mtengo wake palibe njira yoposa iyi, ndipo mukalakwitsa mumangosindikizanso tsamba limodzi. Komanso imaphunzitsa chinthu chimene mudzachifuna pa njira yotsatirayi: kuona thupi la ndege ngati mndandanda wa timphete tosiyana kukula.

Mtengo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi njira imene ndimaikhulupirira kwambiri kwa ife. Si yachikale yongoyenera osowa. Mu 1942 asilikali apamadzi a ku United States anapempha ana a sukulu za sekondale kuti aseme tindege ta mtengo tokwana 500,000 pa muyeso wa 1:72, toti asilikali aziphunzirira kusiyanitsa ndege ya mdani ndi yawo. Tindege timeneto tinkayenera kukhala tolondola, chifukwa kulakwitsa kukanaphetsa anthu. Zipangizo zimene anawo anagwiritsa ntchito, sowo, mpeni, tupa ndi sandipepa, zili m'shedi ya kalipentala aliyense ku Moatize kapena ku Matundo. Luso losema nalo si lachilendo kwa anthu amene amasema mitondo, mipini ndi zipande. Chimene timawonjezerapo ndi muyeso basi.

Mumayamba ndi chojambula choonetsa ndege mbali zitatu: cham'mbali, chapamwamba ndi chakutsogolo, chosindikizidwa pa muyeso wanu. Tengani kathabwa ka ngodya zowongoka, mulembe mzera wapakati kuzungulira mbali zonse zinayi. Matani chojambula cham'mbali, mucheke motsatira mzera koma mosiyako pang'ono. Zidutswa zimene zagwa musataye. Zibwezereni pamalo pake ndi selotepi kuti kathabwa kakhalenso ka ngodya, kenaka mumate chojambula chapamwamba n'kuchekanso. Mukachotsa selotepi mumatsala ndi chinthu chimene kuchokera m'mbali ndi pamwamba ndi ndege kale, koma chikadali cha makona. Tsopano dulani zoyezera za katoni, chimodzi pa mamilimita 20 kapena 30 alionse, choonetsa mmene thupi lazungulira pamalopo. Semani pang'ono, ikani choyezera, yang'anani moloza kuwala. Pamene kuwala kukudutsa ndiye pafika kale; pamene katoni yakhudza mpamene patsala nyama. Mzera wapakati ukafufutika ulembeninso nthawi yomweyo, chifukwa ukatayika ndege imatuluka yopendekera ndipo diso limaona msanga.

Mapiko amasemedwa padera, ndipo ndi amene amaulula ntchito yosayeza. Phiko si thabwa lafulati: ndi lokhuthala chakutsogolo, lopyapyala kumbuyo mpaka kuthwa, ndipo limaonda likamapita kunsonga. Ngodya zake ziyezeni, musaziyerekeze. Mapiko a MiG-17 anabwerera m'mbuyo pafupifupi madigiri 45, kutsogolo kwa phiko la MiG-21 ndi madigiri 57. Pa T-6 gawo lapakati la phiko ndi logona, ndipo magawo akunja okha ndi amene amakwera m'mwamba. Mukaliwongola lonse, aliyense woidziwa adzaona kuti china chake chalakwika ngakhale asathe kunena chimene chili. Polumikiza, lowetsani tizidutswa tiwiri ta waya m'phiko ndi m'thupi, musadalire guluu yekha. Mpata wotsala mutseke ndi supagulu wothira soda, amene amauma nthawi yomweyo, ndipo mupale msanga asanalimbitsitse.

Nanga mtengo uti? Malaina ndi amene ndimayamba kutchula: ngofewa bwino, sang'ambika wamba, ndipo amasalala. Paini amapezeka paliponse, koma ali ndi mizere yolimba ndi yofewa, sandipepa amadya yofewayo n'kusiya timapiri, ndiye kulungani sandipepayo pakathabwa popala. Mlombwa, umene amalonda amautcha umbila, ngokongola ndipo chiswe sichiukonda, koma timabowo take timafuna kutsekedwa kwambiri musanapake penti. Ndi wabwino pa thabwa loimikapo ndege. Mphingo ngolimba mopitirira pa ntchito yaing'ono chonchi. Chiwale chimathandiza poyeserera maonekedwe, koma sichigwira m'mphepete mwakuthwa. Mulimonsemo, mtengo ukhale wouma ndithu. Pitani kwa kalipentala mukapemphe, "Bambo, tizidutswa totsala pa mipando yakale muli nato?" Timeneto ndi tabwino kuposa thabwa latsopano la pamsika, limene likhoza kung'aluka ndege itatha kale.

Ndege ndi yachitsulo, choncho mizere ya mtengo isaoneke. Pakani vanishi wosakaniza ndi paudala wa ana, aume, mupale ndi sandipepa wosalala, mubwerezenso mpaka chala chisamve kanthu. Kenaka penti yapansi imene opopera magalimoto amayambira.

Galasi la woyendetsa ndi pamene ambiri amagonja n'kungopaka penti yakuda. Pali njira. Semani galasilo pa kamtengo kolimba, kachepe pang'ono kuposa muyeso, mukasalaze bwino n'kukakhomera pa kandodo. Dulani chidutswa chafulati pa botolo loyera la madzi akumwa, muchigwire ndi mapulayala awiri pamwamba pa mbaula, osati pa lawi, mpaka chiyambe kulefuka, ndiye muchikokere pansi mwamsanga pa chikombolecho. Magalasi oyamba amachita makwinya kapena kuyera ngati chatenthetsa, koma botolo silitha. Matayala amachokera ku timphete todula pa bolopeni kapena timabatani, miyendo ku waya ndi singano. Amene sakufuna miyendo aimike ndege pa kachitsulo, ikhale ili m'mwamba.

Pa mtengo ndimalimbikitsa 1:48, chifukwa pa 1:72 michira imapyapyala mpaka kuthyoka m'manja. Kuipa kwa njirayi ndi nthawi: imene bokosi la pulasitiki limatha m'masabata, mtengo umafuna miyezi. Ndipo pali ndege zimene mtengo sungazikwanitse bwino. Alouette III kutsogolo konse ndi galasi ndipo injini yake ili poyera, tizitsulo tili mbwee. Koma kandege ka mtengo sikaopa dzuwa la ku Tete kapena mvula ya ku Tsangano, ndipo ndege iliyonse imene ili ndi chojambula mukhoza kuipanga osadikira kuti kampani ya ku Ulaya iiganizire.

Zitini, makina ndi zogula zothatha

Zitini za zakumwa zimadulika ndi sizasi ndipo zimathandiza pa tizitseko ta matayala, mapeni a helikopita ndi michira yopyapyala ya ndege yamtengo. Ndege yonse ya zitini imasangalatsa maso, koma chitsulocho chimakana kukhota mmene chojambula chikufunira, ndipo muyeso umathawa. Makina osindikiza zinthu a 3D amatha kutulutsa kadutswa kalikonse, koma amafuna magetsi osazimazima kwa maola ambiri, amasiya timizere tofuna kupala, ndipo pulasitiki wawo wofala, PLA, amayamba kufewa pa madigiri 60, kutentha kumene galimoto yoima padzuwa kuno imafikako. Ngati mnzanu ali nawo, mupempheni matayala ndi mipando, osati ndege yonse. Tindege tachitsulo togula tothatha ndi tokongola pashelefu, koma pamenepo mwagula, simunapange.

Penti

Njira iliyonse kupatula pepala imathera pa penti, ndipo apa nyengo yathu imalamula. Penti ya madzi, ya acrylic, monga ya Vallejo kapena Tamiya, sinunkha kwambiri ndipo imauma msanga. Kuchigwa cha Zambezi imauma msanga mopitirira, ikadali pa burashi, n'kusiya mizere. Pakani m'mamawa kusanatenthe. Penti ya mafuta, monga timazitini ta Humbrol, imayenderera bwino ndi burashi koma imafuna tsiku lathunthu kuti iume, ndipo tsiku lonselo fumbi likuidikira. Mukangomaliza kupaka, vundikirani ndege ndi beseni loyera. Iliyonse mwa ziwirizi isungunuleni ikhale ngati mkaka, ndipo mupake kawiri kapena katatu mopyapyala m'malo mopaka kamodzi mokhuthala. Ulendo woyamba imaoneka yonyansa, mawangamawanga. Musawonjezere, dikirani iume.

Airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, imatulutsa ntchito yosalala, koma imafuna kompuresa ndi magetsi, ndipo pa 1:72 kapena 1:48 burashi yofewa yafulati imakwanira. Penti yopopera ya m'chitini ya magalimoto imagwira bwino pa mtengo, koma pa pulasitiki wa m'bokosi mankhwala ake akhoza kudya khungu la ndege. Yesani kaye pa felemu yotsala. Amene akupanga za mtengo ali ndi mwayi pano, chifukwa penti ya acrylic ya ojambula zithunzi, imene imapezeka m'masitolo a zolembera, imagwira bwino pamwamba pa penti yapansi.

Mtundu wa penti nawo ndi mbali ya kulondola. Ma G.91 a Apwitikizi anauluka nthawi yaitali ali otuwa, koma mizinga yonyamula paphewa ya Strela, yotsata kutentha, itayamba kugwetsa ndege ku Guinea-Bissau mu 1973, ndege zinayamba kupakidwa zobiriwira modera, zosawala. Choncho sankhani chaka, mupeze chithunzi cha ndege imodzi, nambala yake ikuoneka, ndipo mutsate chimenecho. Chizindikiro cha Apwitikizi, mtanda wofiira pa bwalo loyera, mukhoza kuchisindikiza pa pepala lopyapyala kwambiri n'kuchimata ndi vanishi. Chizindikiro cha ndege za Mozambique chasinthapo m'kupita kwa zaka, ndiye cha pa MiG ya m'ma 1980 musachitenge pa chithunzi cha 2014. Musakhulupirirenso mtundu umene foni ikuonetsa pa chithunzi chimodzi chakale; yerekezani zingapo.

Ndiye muyambire pati?

Ngati simunapangepo, yambani ndi pepala, Do 27 kapena MiG-21, m'miyezi ya chilimwe. Mudzawononga mapepala ochepa chabe, ndipo mudzadziwa ngati muli ndi mtima wokhala pansi maola ambiri pa kanthu kakang'ono. Ngati muli nawo, pitani ku mtengo, ndipo ndege yoyamba ikhale T-6 pa 1:48: masentimita 18.4 m'litali, 26.7 m'mapiko, thupi losavuta, mphuno yozungulira imene mungaiyeze ndi kampasi, ndipo galasi lake lalitali lili ndi mafelemu ambiri obisa zolakwika za botolo. G.91 ibwere pambuyo, dzanja litazolowera, chifukwa cha pakamwa pake paja.

Ndalama za bokosi la pulasitiki zisungireni ndege imene njira zinazi zimailephera, ndipo kwa ife imeneyo ndi Alouette III. Ngati tindege tanu tamtengo tili pa 1:48 ndipo helikopita mwaipeza pa 1:72, iikeni pashelefu yakeyake ndipo mulembe muyeso pakapepala patsogolo pake. Mukamatuma mbale wa paulendo, mulembereni dzina la kampani, muyeso ndi mtundu weniweni wa ndege, mumutumizirenso chithunzi cha bokosilo pafoni, ndipo mumukumbutse kuti guluu wa pulasitiki amagulidwa padera.